Tchende likatsalira m'mimba, mlandu umadzagwera mkazi

Mlimi wa ku Nkhamanga kapena m'chigwa cha Henga akafuna kugula nkhunzi yoti ikatsogolere khola lake, sayang'ana linunda ndi nyanga zokha. Amazungulira kumbuyo, n'kuwerama, n'kusuzumira pansi. Akapeza tchende limodzi lokha, mtengo umatsika pomwepo. Akapeza thumba lofota lopanda kanthu amatembenuka n'kumapita, nkhunziyo inenepe bwanji, ikonde kukwera zazikazi chotani. Oweta ng'ombe adadziwa kalekale kuti kukwera n'kwina, kubereketsa n'kwinanso. Chodabwitsa n'chakuti nzeru imeneyi imathera pakhomo la khola. Mwana wamwamuna akabadwa m'nyumba ya mlimi yemweyo, agogo amayang'ana mchombo, amapapasa liwombo, amawerenga zala, kenaka mkangano wa amene mwanayo wafanana naye. Kathumba ka pakati pa miyendo amangokaonera patali n'kululutira kuti kwabwera mwamuna. Ndi ochepa amene amakagwira kuti amve ngati muli tiwiri.

Akuluakulu mundikhululukire, lero titchula ziwalo ndi mayina ake, chifukwa nkhaniyi yavulaza mabanja ambiri kaamba kongoizungulira.

Machende sapangidwira m'thumba momwe timawapezamo. Mwana akadali m'mimba mwa mayi ake, timachende timayamba kuumbika m'kati mwa mimba yake, pafupi ndi impso. Pang'onopang'ono timatsetsereka mpaka pamphechepeche, ndipo m'miyezi itatu yomaliza ya pakati timadutsa m'kanjira kopapatiza ka m'minofu ya pamenepo n'kukagwera m'thumba. Ulendowu suyenda bwino nthawi zonse. Tchende limatha kuima panjira, kawirikawiri pamphechepeche, nthawi zina m'mimba mwenimweni. Mwa ana aamuna 100 obadwa masiku atakwana, pafupifupi 3 amabadwa tchende limodzi kapena onse awiri asadatsike. Mwa obadwa masiku asanakwane chiwerengerocho chimakwera mpaka 30, poti mwanayo watuluka ulendo uli m'kati. Apa mpamene dziko lathu liyenera kutchera khutu: lipoti la Born Too Soon la m'chaka cha 2012 lidaika Malawi pamwamba pa maiko onse, ndi ana 18 mwa 100 aliwonse obadwa masiku asanakwane.

Ambiri mwa machende ochedwawa amatsika okha m'miyezi itatu yoyambirira mwana atabadwa, ena mochedwerako mpaka miyezi 6. Kupyola pamenepo chiyembekezo chimachepa kwambiri. Pofika chaka chimodzi, mwana mmodzi mwa 100 amakhala akadali ndi vutoli. Mutati mutengere chiwerengero chimenechi pasukulu ya pulayimale ya anyamata 500, ndiye kuti anyamata ngati 5 adayamba moyo chotero. M'boma la Rumphi, lomwe kalembera wa 2018 adapezamo anthu oposa 229,000, amenewo si anthu ochepa.

Nanga tchende likakhala m'kati palakwika chiyani, poti lilipo ndithu? Nkhani ndi kutentha. M'kati mwa thupi la munthu mumatentha madigiri 37, pomwe m'thumba mumazizirirapo ndi madigiri 2 kapena 3. Kusiyana kochepaku ndiye gwero la zonse, chifukwa timaselo topanga mbewu ya abambo sitipirira kutentha kwa m'kati. Njovu za ku Vwaza zimasunga machende awo m'mimba moyo wonse ndipo zimaswana bwinobwino, koma izo zidalengedwa choncho, munthu ayi. Madokotala amene adayeza tizidutswa ta machende osatsika adapeza kuti timaselo timeneti timayamba kuchepa mwana asanakwanitse n'komwe zaka ziwiri, ndipo chaka chilichonse chodikira chimachotsapo tina. Timaseloti tikafa sitimeranso.

Tsono tchende lili ndi ntchito ziwiri, ndipo apa mpamene pagona tsoka la amayi. Ntchito yoyamba ndi kupanga mbewu. Yachiwiri ndi kupanga testosterone, mphamvu imene imameretsa ndevu, kukulitsa mawu, kulimbitsa minofu ndi kudzutsa chilakolako. Timaselo ta ntchito yachiwiriyi n'tolimba, kutentha sikutigwetsa msanga. Ndiye mnyamata amene machende ake onse adatsalira m'kati amakula ngati anzake. Mawu amasintha, ndevu zimamera, amanyamula mabelo a fodya, amafunsira mbeta. Akakwatira, m'nyumba amayendamo bwinobwino ndipo umuna umatuluka monga mwa masiku onse, chifukwa madzi ambiri a umuna sachokera m'machende, amachokera m'tiziwalo tina ta m'munsi mwa chikhodzodzo. Chosowa ndi mbewu, imene diso silingaione. Kwathu kuno mwamuna wosabereka timamuganizira kuti ndi uja adagwa m'papaya, wolephera ntchito ya m'nyumba. Uyu sadagwe m'papaya. Iye mwini, mkazi wake ndi abale onse ali ndi umboni wa usiku ndi usiku woti bambo ali bwino.

Ku Rumphi, monganso m'madera ambiri a kumpoto, ukwati ndi wolowola. Ng'ombe kapena ndalama zimapita kwa makolo a mkazi, mkazi amakakhala kumudzi kwa mwamuna, ndipo ana ndi a mtundu wa bambo. Mwambo umenewu uli ndi zabwino zake, koma pabanja lopanda mphatso umamuika mkazi pamalo oterera. Chaka choyamba anthu amangomuyang'ana pamimba. Chaka chachiwiri apongozi amayamba kufunsa mozungulira za m'thupi. Chachitatu alamu amalankhula mokweza dala kuti ng'ombe zathu zidangopita pachabe. Mkaziyo ndiye amamwa mizu yowawa ya asing'anga, ndiye amatemedwa mphini, ndiye amachezera kumapemphero, ndiye amakakhala pabenchi kuchipatala yekhayekha. Mwamuna amauzidwa kuti atenge mkazi wachiwiri. Wachiwiriyo naye akakhala zaka osaima, mpamene manong'onong'o amatembenukira kwa bambo, koma apo n'kuti woyamba uja atanyozeka kale, mwina atabwerera kwawo. Mabanja ena amathetsa nkhaniyi mwakachetechete, polowetsa mwamuna wina m'nyumba usiku monga zimachitikira ndi fisi m'chigawo chapakati ndi kummwera, ndipo masiku a HIV ano njira imeneyo ili ndi mtengo wake.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidalengeza mu Epulo 2023 kuti munthu mmodzi mwa 6 aliwonse amakumana ndi vuto losabereka pa nthawi ina ya moyo wake. Madokotala amagwirizana kuti pafupifupi theka la mabanja otere, vuto limakhala kwa mwamuna, kaya payekha kaya pamodzi ndi la mkazi. Theka. Koma pitani mukawerenge amuna pamzere wa odandaula za kusowa mwana.

Ndisaopseze anthu pachabe. Nthawi zambiri tchende losatsika limakhala limodzi, ndipo linzake limagwira ntchito ya awiri. Dokotala Peter Lee ndi anzake ku Pittsburgh, m'dziko la America, adatsata amuna amene adachitidwa opaleshoni ali ana n'kuona kuti mwa amene adafuna kubereka, ndi angati adabereka. Mwa amene lidali tchende limodzi, pafupifupi 90 mwa 100 adakhala ndi ana, kusiyana pang'ono chabe ndi amuna amene sadakhalepo ndi vutoli, omwe adali 93 mwa 100. Koma mwa amene adali machende onse awiri, adabereka ndi 65 okha mwa 100. Amenewotu ndi amene adathandizidwa, ngakhale ambiri a iwo mochedwerapo poyerekeza ndi malangizo a lero. Mwamuna amene machende onse awiri adatsalira m'kati mpaka kukula osachitidwa kanthu, kawirikawiri umuna wake umapezeka wopanda mbewu ngakhale imodzi.

Kubereka si chifukwa chokhacho chofulumirira. Tchende losatsika limagwidwa khansa mosavuta kuposa linzake. Ku Sweden, akatswiri adaunika mbiri ya amuna pafupifupi 17,000 amene adachitidwa opaleshoniyi, ndipo zotsatira zidatuluka mu 2007 m'magazini ya New England Journal of Medicine. Amene adathandizidwa asanakwane zaka 13 adali pachiopsezo choposa pang'ono kawiri poyerekeza ndi amuna ena onse. Amene adathandizidwa atapyola msinkhu umenewo, choposa kasanu. Khansa ya machende ndi yosowa ndithu, ndipo ikagwidwa msanga imachizika kwambiri. Koma chotupa cha m'thumba munthu amachimva posamba, pomwe cha m'mimba chimakula mobisala. Palinso zina: tchende lokhala pamphechepeche limatha kupotokola mtsempha wake magazi n'kuleka kufika, limaphwanyika msanga mwana akagundidwa pampira kapena panjinga, ndipo nthawi zambiri limabwera limodzi ndi kabowo komwe matumbo amatsikirako n'kusanduka phudzi. Mwana amene akulira mosatonthozeka, pamphechepeche patatupa ndi kufiira, m'thumba mulibe kanthu mbali imeneyo, si wodikira naye kuti kuche.

Mankhwala ake ndi opaleshoni, ndipo si yachilendo. Mu 1762 dokotala John Hunter ku London adafotokoza kale za kamnofu kamene kamatsogolera tchende paulendo wake. Mu 1877 Thomas Annandale, ku Edinburgh, adasamutsa tchende la mnyamata wa zaka zitatu n'kuliika m'thumba, mwanayo n'kuchira; imeneyo ndiyo imawerengedwa ngati opaleshoni yoyamba yamtunduwu kuyenda bwino. Chaka chimodzi izi zisanachitike, Msikochi Robert Laws adali atagoneka munthu ndi chloroform ku Cape Maclear n'kumuchotsa chotupa. Laws yemweyo ndiye adasamutsira mishoni ya Livingstonia ku Khondowe, m'boma la Rumphi, mu 1894, komwe chipatala cha David Gordon Memorial chidatsegulidwa mu 1911. Ndiye kuti Rumphi ndi limodzi mwa maboma amene adayamba kale kwambiri kuona mpeni wa dokotala m'dziko muno, monganso adayambira kale sukulu. Umbuli si chifukwa chokwanira kuno. Chimene chatigwira ndi manyazi, komanso chizolowezi choti chosapweteka si matenda.

Opaleshoniyo payokha njosavuta kuifotokoza. Mwana amagonekedwa, dokotala amacheka pang'ono pamphechepeche, amamasula tchende ndi mitsempha yake ku timinofu tomwe talikola, amatseka kabowo ka phudzi ngati kalipo, kenaka amalitsitsa n'kulikhazika m'kathumba komwe wakonza pansi pa khungu. Kawirikawiri sipapita ola, ndipo mwana amatuluka tsiku lomwelo kapena mawa lake. Kwa machende opezeka pamphechepeche, pafupifupi 9 mwa 10 amakhazikika bwino. Ovuta ndi aja osamveka m'manja, omwe amakhala limodzi mwa 5 aliwonse. Amenewa amafuna kulowetsa kakamera m'mimba. Nthawi zina dokotala amapeza kuti tchendelo lidafota kale mwana asanabadwe, nthawi zina amalipeza lili kutali moti limafunika kutsitsidwa kawiri, patadutsa miyezi ingapo pakati. Kale ankayesa jakisoni wa mahomoni, koma ankathandiza mwana mmodzi yekha mwa 5, ena tchende n'kubwereranso, moti akatswiri ambiri adamusiya.

Zaka zapitazo madokotala ankauza makolo kuti adikire mwana afike zaka 5 ngakhale 10, mwina litsika lokha akamatha msinkhu. Malangizo amenewo adatha ntchito, ngakhale akumvekabe m'makamwa mwa anthu. Akatswiri a maiko a kumpoto kwa Ulaya adagwirizana mu 2007 kuti opaleshoni ichitike mwana ali pakati pa miyezi 6 ndi 12, ndipo bungwe la madokotala a njira ya mkodzo ku America mu 2014 lidati isapyole miyezi 18.

Tayang'anani tsono kabuku ka kusikelo. Mwana wa ku Malawi amalandira katemera ali ndi masabata 6, 10 ndi 14, kenaka wa chikuku pa miyezi 9 ndi 15, osawerengera sikelo ya mwezi ndi mwezi. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 adapeza kuti amayi 91 mwa 100 amachirira kuchipatala. Ndiye kuti m'nyengo yeniyeni imene vutoli limafunika kugwidwa, mwana amadutsa m'manja mwa azamba, anamwino ndi alangizi a zaumoyo kambirimbiri, kaya ku Bolero, ku Mhuju, ku Katowo, ku Mwazisi kapena pansi pa mtengo pomwe sikelo yoyendayenda imachitikira. Amavulidwa n'kukolekedwa pasikelo. Kugwira kathumba sikudya ngakhale mphindi imodzi, sikufuna magetsi kapena makina. Mlangizi amene ali ndi amayi 80 pamzere dzuwa likuswa mtengo sitingamudzudzule akaiwala, n'chifukwa chake ine ndikuti ntchitoyi iyambire kwa amene amasambitsa mwana tsiku ndi tsiku. Mayi kapena agogo akapeza mbali imodzi ili yopanda kanthu, anene, ndipo apemphe kuti zilembedwe m'kabuku kuti wodzaona mwanayo pa miyezi 6 adzadziwe poyambira.

Pali msampha umodzi umene anthu a m'mapiri a Phoka, ku Livingstonia ndi m'mphepete mwa Nyika ayenera kuudziwa, makamaka mu Juni ndi Julayi. Tchende lili ndi kamnofu kamene kamalikokera m'mwamba kukazizira kapena mwana akachita mantha. Mwana wovulidwa m'mamawa wa chisanu, n'kugwidwa ndi manja ozizira, amaoneka ngati alibe kanthu pomwe zonse zili bwino. Nthawi yabwino yoyang'ana ndi pomwe wangosamba madzi ofunda, ali phee, manja anu ali otentha. Yambirani pamwamba pa mphechepeche, kusisita pang'onopang'ono kutsikira kuthumba. Wamkulupo mum'khazike chopinda miyendo. Ngati tchende latsika mpaka pansi n'kukhala kanthawi mutalisiya, ndi longothawathawa ndipo silifuna mpeni, koma muzilizonda chaka ndi chaka, chifukwa ena mwa otere amadzakwera n'kukakamira m'mwamba mwana akamatalika. Ngati silikufika, kapena mukangolisiya likubwerera msangamsanga, pitani naye kuchipatala. Ndipo khanda limene machende onse awiri sakumveka, makamaka ngati kabowo ka mkodzo sikali kunsonga, lionedwe ndi dokotala masiku oyambirira omwewo, poti nthawi zina chimakhala chizindikiro cha vuto la mahomoni limene limatha kupha mwana m'masabata ochepa.

Kunena n'kosavuta, msewu ndiye wina. Mayi wa ku Tcharo, kumene amadalira boti kapena miyendo, kuti akafike pa Mlowe n'kupeza galimoto, tsiku lapita. Wa ku Chitimba akafuna chipatala cha mishoni ayenera kukwera msewu wa Golodi ndi makhotolo ake 20. Wa ku Hewe ali ndi fumbi lake m'chilimwe, matope m'dzinja. Onsewa akafika pachipatala cha boma pa Rumphi, nkhani siyithera pomwepo nthawi zonse. M'zipatala za m'maboma m'dziko muno opaleshoni zambiri amachita ndi ma clinical officer, anthu amene apulumutsa amayi ndi abambo osawerengeka, koma kugoneka khanda la miyezi 9 kumafuna luso ndi zipangizo zapadera. Ndiye mwana amatha kutumizidwa ku Mzuzu Central Hospital, chipatala chachikulu cha chigawo chonse cha kumpoto chomwe chidatsegulidwa mu 2000, mtunda wa makilomita ngati 70. Madokotala amene adaphunzira mwapadera za opaleshoni ya ana ndi owerengeka m'dziko lonse. Likulu la ntchitoyi ndi Mercy James Centre pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, yomwe idatsegulidwa mu Julayi 2017 ndi thandizo la woimba Madonna, komwe Pulofesa Eric Borgstein waphunzitsako ambiri. Kuchokera ku Rumphi ndi makilomita oposa 700. Chithandizo m'zipatala za boma n'chaulere, koma thiransipoti, chakudya cha womudikirira ndi munda wosiyidwa si zaulere, ndipo m'nyumba ya mlimi wa fodya ndalama imabwera kamodzi pachaka. Bambo akayerekeza zonsezi ndi mwana amene akuseka, akuyamwa, sakumva kupweteka paliponse, amati tidzapita tikagulitsa. Ine sindimuweruza. Ndingomukumbutsa kuti miyezi 18 imakwana m'nyengo ziwiri zokha za msika, ndipo ng'ombe za mkazi wachiwiri zidzadula kuposa ulendo wa ku Mzuzu.

Ndalama ina imene ingapulumuke ndi ya sikani. Makolo ambiri amathamangira kukajambulitsa kuzipatala zolipira kuti aone komwe tchende lili, koma malangizo a akatswiri amati kujambula kotere sikuthandiza kwenikweni, chifukwa makinawo amalephera kawirikawiri kuona tchende la m'mimba, ndipo zotsatira zake sizisintha chimene dokotala adzachite. Manja a munthu wodziwa amaposa.

Nanga amene adakula kale? Mnyamata wa zaka 8 kapena 12 apite ndithu. Mbewu ina idzakhala itatayika, koma yotsalayo itetezedwa ndipo chiopsezo cha khansa chitsika. Bambo wamkulu amene ali ndi tchende limodzi labwino m'thumba, linalo lili m'kati, madokotala nthawi zambiri amamulangiza kuti lobisikalo lichotsedwe, poti silikupanganso mbewu koma lingathe kubala chotupa. Kuchotsa limodzi sikuchepetsa mphamvu ya m'nyumba. Kwa amene onse awiri ali m'kati, kuwatsitsa kumathandiza kuti azizondedwa, ngakhale palibe dokotala woona mtima angalonjeze mwana. Kuyambira 1992 kuli njira yotenga mbewu imodzi yokha, ngakhale yochita kufukula m'tchende, n'kuibaya m'dzira la mayi, koma mtengo wake m'zipatala za ku South Africa ndi wakuti mlimi wa ku Luviri angagulitse khola lonse osakwana.

Si bambo aliyense wosabereka amene adabadwa chotero. Matsagwidi akamugwira munthu atakula amatha kutupitsa machende n'kuwafooketsa. Chinzonono chosachizidwa bwino chimatseka njira ya mbewu. Likodzo, lomwe ndi lofala m'mphepete mwa nyanja, limafika mpaka m'ziwalo zoberekera za abambo. Mitsempha yotupa ya m'thumba nayo imatenthetsa machende. Zonsezi poyambira pake ndi pamodzi: kuyeza umuna. Banja likatha chaka likugona limodzi popanda kulera koma mimba osaoneka, woyamba kuyezedwa azikhala bambo, chifukwa kuyeza kwake n'kosapweteka, n'kotchipa ndiponso n'kwachangu poyerekeza ndi zimene mayi amadutsamo. Amadziletsa masiku awiri mpaka 7, amapereka umuna m'kabotolo, ndipo a mulabotale amauyang'ana pamakina oonera tizinthu ting'onoting'ono ola lisanathe. Muyezo wa WHO wa 2021 umayembekezera mbewu zosachepera 16 miliyoni pa mililita imodzi, zambiri mwa izo zamoyo ndipo gawo labwino zikuyenda. Zotsatira zoyamba zikaipa, bambo asathamangire kukadzimangirira kapena kukasaka mfiti. Mbewu imatenga masiku oposa 70 kuti ipangidwe, ndipo malungo amphamvu a mwezi wathawu amatha kuigwetsa kwa kanthawi, n'chifukwa chake adokotala amamuuza kuti adzabwerenso pakatha miyezi itatu adzayezedwe kachiwiri.